Achinyamata Aphunzire Kupanga Ampulifaya ndi Manja Awo

Palibe mwambo waukulu m'dziko muno umene umachitika popanda zokuzira mau. Pa msonkhano wa chitukuko, pa ukwati, pa maliro, m'tchalitchi ngakhale pa bwalo la zamasewero, okonza mwambo amayamba afunsa ngati chimkuzamau chafika, ndipo chikachedwa mwambo nawo umachedwa. Tsono chikangozima pakati pa nyimbo, khamu lonse, kuphatikizapo akuluakulu ophunzira bwino amene akhala m'mipando ya kutsogolo, limangoyang'anana kudikira mnyamata mmodzi wa kasikuludiraiva m'thumba, amene dzina lake silidalembedwe pa ndondomeko ya mwambowo. Mnyamata ameneyo kawirikawiri sadaphunzitsidwe ndi munthu aliyense. Luso lake adalitola poonerera mmisiri wa pa msika ndiponso poononga mawailesi angapo a eni ake. Ndi chinthu chomvetsa chisoni kuti ntchito imene aliyense amaifuna ilibe khomo lenileni lolowera.

Ku maiko monga America ndi Britain kumachitika maphunziro a masiku owerengeka amene cholinga chake nchimodzi basi: wophunzira aliyense apange ampulifaya ya gitala ndi manja ake, kuyambira pa bokosi lopanda kanthu mpaka ilire. Kampani ya Mojotone ya ku North Carolina, imene imagulitsa zipangizo zopangira maampulifaya, ndi imodzi mwa zimene zakhala zikuchititsa maphunziro otere. Anthu ochepa amakhala pa mabenchi, aliyense ali ndi chitsulo chowotcherera, mita yoyezera magetsi, pulani ya papepala ndi kathumba ka tizipangizo. Mphunzitsi salankhula nthawi yaitali. Amaonetsa m'mene mawaya awiri amalumikizidwira, kenaka amayendera benchi lililonse kuona ntchito, ndipo akapeza pamene pawotchereredwa mwaulesi amalamula kuti pachotsedwe payambidwenso. Pakatha masiku angapo wophunzira amalumikiza gitala, nayatsa magetsi, namva mau akutuluka m'chinthu chimene dzana chidali tizidutswa m'kathumba. Ambiri mwa ophunzira a kumeneko ndi anthu opeza bwino amene akungokwaniritsa chilakolako cha mumtima. Kwa iwo ndi chisangalalo cha kumapeto kwa sabata, koma njira yophunzitsira yomweyo, itabzalidwa pa nthaka ya kuno, ikhoza kukhala ndiwo ndi ufa wa mabanja.

Chimene amakonda kuyambira m'maphunziro amenewa ndi kaampulifaya kotchedwa Champ, ka kampani ya Fender, makamaka pulani yake ya kumapeto kwa zaka za m'ma 1950 imene amisiri amaidziwa ndi nambala ya 5F1. Kali ndi mavalavu atatu okha: 12AX7 yokuza mau poyamba, 6V6 yopereka mphamvu ku sipika, ndi 5Y3 yosintha magetsi a pakhoma kuti aziyenda njira imodzi. Mphamvu yake ndi mawati pafupifupi 5, sipika yake ndi ya mainchesi 8, ndipo chopotokola chake nchimodzi chokha, chokwezera ndi kutsitsira mau. Marezisita ndi makapasita ake onse pamodzi safika makumi atatu. Aphunzitsi amakasankha kaamba koti palibe chobisika m'kati mwake. Waya aliyense amaoneka kumene wachokera ndi kumene akupita, kotero kuti wophunzira angathe kuloza ndi chala njira yonse imene mau ayenda.

Ndipo njira imeneyi ndiyo phunziro lalikulu. Pansi pa nsambo za gitala ya magetsi pamakhala maginito okulungidwa ndi waya woonda ngati tsitsi, wozungulira kambirimbiri, zikwi zingapo. Nsambo yachitsulo ikanjenjemera pamwamba pa maginitowo, m'wayamo mumabadwa timagetsi tochepa zedi, tosafika ngakhale volti imodzi. Timagetsi totero sitingasunthe sipika. Gawo loyamba la ampulifaya limatikuza, gawo lachiwiri limatipatsa mphamvu, thiransifoma imagwirizanitsa mphamvuyo ndi sipika, ndipo sipika imakankha mpweya kufikira khutu limve. Kumbali ina kuli gawo lodyetsa zonsezi, limene limalandira magetsi a pakhoma ndi kuwasefa kuti asalowetse mkokomo m'nyimbo. Mnyamata kapena mtsikana amene wapanga magawo amenewa ndi manja ake waphunzira lamulo la Ohm popanda kuliloweza pamtima. Wadziwa kuwerenga pulani, kuyeza asanagwire, ndi kufufuza vuto pang'onopang'ono kuyambira kumene mau alowera mpaka kumene atayika. Nzeru zomwezo ndizo zimakonza wailesi, inivetala ya magetsi a dzuwa, sikelo ya pa msika wa fodya ndi zida zambiri za m'chipatala. Kusiyana kwake nkwakuti ampulifaya imapereka mayeso ake yokha: ikalira ndiye kuti wakhoza, ikangokhala chete kapena kufuka utsi ndiye kuti walakwa, ndipo palibe satifiketi imene ingaitsutse.

Amene amayesa ntchito yotere chidole ayenera kuona kumene maina akuluakulu a malonda amenewa adachokera. Leo Fender sadali woimba, ndipo mpaka imfa yake sadaphunzire kuimba gitala. Adali wokonza mawailesi amene adatsegula kasitolo kake mu 1938 m'tauni ya Fullerton ku California. Oimba ankabwera ndi zokuzira mau zawo zoonongeka, iye nkumaona malo amene zinkakonda kufera, ndipo pomaliza adaganiza zopanga zake zosavuta kukonza. Pofika mu 1946 adali ndi kampani ya dzina lake. Ku London, Jim Marshall adali woimba ng'oma amene adali ndi sitolo ya zoimbira ku Hanwell. Anyamata oimba magitala ankadandaula kuti maampulifaya a ku America ngokwera mtengo. Mu 1962 iye pamodzi ndi mmisiri wake Ken Bran ndi mnyamata wina wophunzira ntchito, Dudley Craven, adatenga pulani ya ampulifaya ya Fender yotchedwa Bassman naipanganso ndi zipangizo zimene zinkapezeka ku Britain. Popeza zipangizozo zidali zosiyana, mau ake adatuluka osiyananso, aukali ndi okhuthala, ndipo mau amenewo ndiwo adatchukitsa dzina la Marshall pa dziko lonse. Ndi bwino kuti mfundo imeneyi imveke: iwo sadayambe ndi kutulukira chatsopano, adayamba ndi kutsanzira mosamala chimene chidalipo kale, ndipo kusowa kwa zipangizo zakunja ndiko kudawapatsa mau awoawo.

Wina anganene kuti amenewo ndi a maiko olemera. Ku Jamaica, dziko laling'ono la alimi a nzimbe ndi nthochi, Hedley Jones adaphunzira za radar ali m'gulu la nkhondo la mumlengalenga la Britain pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse. Atabwerera kwawo adatsegula malo okonzera mawailesi ndi kugulitsa malekodi ku Kingston, ndipo mu 1947 adapanga ampulifaya yamphamvu yolizira malekodi ake pakhomo pa sitoloyo. Eni magule adaimva nayamba kuitanitsa zawo, woyamba mwa iwo ndi Tom Wong. Magule a panja a zimkuzamau zazikulu amene adakula kuchokera pamenepo ndiwo adalera nyimbo za ska ndi reggae, zimene zamveketsa dzina la Jamaica kuposa shuga wake. Pafupi ndi kuno, ku Kinshasa, Mingiedi Mawangu, amene adayambitsa gulu la Konono m'zaka za m'ma 1960, adaona kuti kalimba wa kwawo, amene iwo amati likembe, sakumveka m'phokoso la mumzinda. Adatola maginito m'zitsulo za magalimoto akufa, nakulunga waya ndi manja, napanga zotolera mau zake. Mau ake adatuluka okandakanda, osiyana ndi a zida za m'sitolo, koma chimbale chawo cha Congotronics chitatuluka mu 2004 anthu a ku Ulaya ndi ku America adathamangira mau omwewo.

Dziko lino silachilendo pa luso lotere. Akuluakulu akukumbukira wailesi za Nzeru zimene zinkalumikizidwa ku Blantyre ndi manja a Amalawi, ndipo zinkapezeka m'midzi yambiri. Anyamata a m'midzi akhala akupanga mabanjo ndi magitala a zigubu kuyambira kale, ndipo babatoni wa gulu la Madalitso Band, chida chopangidwa ndi manja, wamveka pa mabwalo akuluakulu a ku Ulaya. William Kamkwamba wa ku Wimbe m'boma la Kasungu, amene makina ake opukusa magetsi ndi mphepo adadziwika pa dziko lonse, adayamba ndi kumasula ndi kukonza mawailesi a anthu a m'mudzi mwawo, ndipo nthawi imene ankapanga makinawo adali atalekezera sukulu chifukwa chosowa fizi. Luso ndiye lilipo. Chimene chikusowa ndi benchi, zida zoyezera ndi mphunzitsi woima kumbuyo kwa wophunzira.

Pali funso limene wogwira ntchito m'boma wosamala ndalama ayenera kufunsa, ndipo nloyenera kuliyankha mosazemba. Kodi nkupangiranji ampulifaya pamene za ku China zadzaza m'masitolo a ku Limbe ndi ku Lilongwe pa mtengo umene mmisiri wa kuno sangapikisane nawo? Zoonadi sangapikisane nawo, ndipo amene angalonjeze fakitale yogonjetsa China pa ntchito imeneyi akunamiza anthu. Phindu la maphunzirowa lili pena. Chida chilichonse chogulidwa kunja chimalipiridwa ndi ndalama zakunja, ndipo kwacha itatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu May 2022, kenaka ndi 44 peresenti mu November 2023, mipingo, masukulu ndi magulu oimba adaona okha m'mene mitengo ya zida zotere idadumphira. M'zipinda zosungiramo katundu za m'matchalitchi ndi m'maofesi muli zokuzira mau zambiri zimene zidatayidwa kaamba ka fyuzi, kapasita imodzi yotupa kapena thiransisita yopsa, zinthu za mtengo wochepa kwambiri poyerekeza ndi chida chatsopano. Munthu amene adapangapo ampulifaya kuyambira pachiyambi sachita mantha kutsegula ya mwini wake. Chida chilichonse chimene waukitsa ndi ndalama zakunja zimene zatsalira mankhwala ndi feteleza.

Palinso phindu lina limene likukhudza ogula katundu wa boma mwachindunji. Pa mabokosi ambiri a zokuzira mau amalembapo manambala ochititsa kaso, mawati zikwi ziwiri kapena zitatu, pamene mphamvu yeniyeni ya chidacho ndi kachigawo kochepa ka nambalayo. Wophunzira amene adayezapo mphamvu ya ampulifaya pa benchi amadziwa kufunsa mawati enieni, amene amalembedwa ndi zilembo za RMS. Amadziwanso kuti kuchulukitsa mawati kawiri kumangokweza mau pang'ono, ndipo kuti khutu limve ngati mau akwera kawiri pamafunika mphamvu yochuluka pafupifupi kakhumi. Amadziwa kuti sipika zimabwera za ma ohm 4, 8 kapena 16, ndipo kuti kulumikiza sipika zambiri mwachisawawa pa ampulifaya imodzi, monga zimachitikira pa misonkhano yambiri, ndiyo njira yachidule yoiphera. Komiti yogula katundu imene ili ndi munthu mmodzi wotere singagulitsidwe mphaka m'thumba.

Komabe kutengera maphunziro a kunjawa monga momwe alili kungakhale kulakwa. Mavalavu adasiya kugwiritsidwa ntchito m'mawailesi kalekale, thiransisita imene idatulukiridwa mu 1947 italowa m'malo mwake, ndipo oimba magitala ndiwo ena mwa ochepa amene adawaumirira chifukwa cha kukoma kwa mau ake. Mafakitale opanga mavalavu a mtundu umenewu adatsala owerengeka: ku Saratov m'dziko la Russia, ku Čadca m'dziko la Slovakia, ndi ena ku China. Nkhondo ya ku Ukraine itayamba mu 2022, mavalavu adasowa m'masitolo a ku America ndi ku Ulaya ndipo mitengo yake idakwera. Ngati oimba a ku London adavutika kuwapeza, nanga mmisiri wa ku Mchinji? Kuonjezera apo, zipangizo zambiri zogulitsidwa ku America zimabwera ndi thiransifoma ya mavolti 120, pamene magetsi a kuno ndi a mavolti 230, ndipo nyumba zambiri za m'midzi sizidalumikizidwe nkomwe ku magetsi a ESCOM. Chimene gulu la kwaya ya kumudzi likufuna ndi ampulifaya yolira ndi batire la mavolti 12, lodzazidwa ndi dzuwa masana, yopirira fumbi ndi mabampu a pa njinga. Motero wophunzira wa kuno ayambire pa kachipangizo ka LM386, kamene kamalira ndi batire la mavolti 9 ndipo sikangamuvulaze, akwere kupita ku maampulifaya a mathiransisita ndi a mtundu wa Class D amene sadya batire kwambiri, ndipo za mavalavu zidze pambuyo kwa okhawo amene akhwima. Bokosi lake lipangidwe ndi ophunzira ukalipentala a pa sukulu yomweyo, ndipo chitsulo chake chipindidwe ndi ophunzira kuwotcherera.

Chifukwa chachikulu chochedwetsera mavalavu ndi moyo wa munthu. M'kaampulifaya kakang'ono ngati Champ muli magetsi opitirira mavolti 300, ndipo makapasita ake angathe kusunga mphamvu imeneyo ngakhale pulagi itazulidwa pakhoma. Nchifukwa chake m'maphunziro olongosoka phunziro loyamba ndi la kukhetsa mphamvu ya m'makapasita kudzera pa rezisita, kuyeza ndi mita kuti yathadi, ndi kugwira ntchito ndi dzanja limodzi lina lili m'thumba kuti magetsi asadutse pamtima. Ampulifaya yatsopano amayamba kuiyatsa kudzera pa babu loikidwa m'njira ya magetsi, kuti ngati muli cholakwa babulo liwale kwambiri m'malo moti thiransifoma ipse. Amaphunzitsanso kuti ampulifaya ya mavalavu sayatsa popanda sipika, ndiponso kuti utsi wa mtovu wowotcherera supumidwa m'chipinda chotseka. Koposa zonse amaphunzitsa za waya wachitatu, wopita kunthaka. Nsambo za gitala ya magetsi zimalumikizana ndi chitsulo cha ampulifaya, kotero kuti ngati chitsulocho chalowa magetsi ndipo waya wa kunthaka palibe, woimbayo ndiye amasanduka njira ya magetsiwo. Leslie Harvey, woimba gitala wa gulu la Stone the Crows, adafera pa nsanja ku Swansea mu 1972 atagwira maikolofoni yotere pamaso pa anthu. Keith Relf, amene adatchuka ndi gulu la Yardbirds, adafa ndi magetsi mu 1976 akuimba gitala m'nyumba mwake. Aliyense amene adafikapo pa mwambo wa m'dera adaonapo mawaya awiri osenda atasomekedwa m'soketi ndi timitengo ta machesi, pansi pali ponyowa, ana akusewera pafupi. Paja akuluakulu adati wakwata kwa mphezi saopa kung'anima, koma mwambi umenewu sunena kuti munthu azigwira mphezi ndi manja. Achinyamata akugwira kale magetsi amenewa, kaya aphunzitsidwe kaya asaphunzitsidwe, ndipo kuwasiya osawaphunzitsa sikuwateteza.

Nyumba zochitiramo ntchito imeneyi zilipo kale. Pali masukulu a ntchito zamanja a Soche, Nasawa, Lilongwe, Namitete, Salima, Mzuzu ndi Livingstonia, palinso makoleji a m'madera amene adayamba kutsegulidwa mu 2015. Bungwe la TEVETA, limene lidakhazikitsidwa ndi lamulo la 1999, limatolera ndalama za maphunziro a luso kwa olemba anthu ntchito, ndipo udindo wake ukufikanso kwa amisiri odzilemba okha. Masukulu akatsekera, mabenchi amangokhala ndi fumbi kwa masabata angapo. Maphunziro a sabata imodzi kapena ziwiri pa nthawi imeneyo safuna nyumba yatsopano kapena mwala wa maziko. Amafuna zitsulo zowotcherera, mamita, tizipangizo tokwanira wophunzira aliyense, ndi mphunzitsi amene iye mwini adapangapo ampulifaya yolira. Mfundo yomalizayi ndiyo yovuta, pakuti nkosavuta kupeza mphunzitsi wodziwa kujambula pulani pa bolodi amene manja ake sadapsepo ndi chitsulo chowotcherera. Amisiri a m'misika ya Ndirande, Kawale ndi Zomba, amene akonza zida zotere zaka zambiri, aitanidwe kudzathandiza kuphunzitsa ndipo alipidwe monga aphunzitsi. Iwonso apindule pophunzira kuwerenga pulani ndi malamulo a chitetezo amene mwina sadawamvepo.

Ngozi ina imene ingaphe ganizo limeneli ili m'maofesi momwemo. Liu lakuti maphunziro a masiku ochepa lidazolowereka kutanthauza ulendo wa ku hotela ya kunyanja, kumene anthu amamvera zokamba, kusaina mapepala a alawansi ndi kubwerako ndi chikwama chatsopano. Ndalama za maphunziro a ampulifaya zikadutsa njira imeneyo, sipadzapezeka ngakhale waya mmodzi wowotchereredwa. Oyang'anira ndalamazi asawerenge anthu amene adasaina kaundula koma maampulifaya amene adalira, ndipo wophunzira aliyense atuluke atanyamula yake, itayezedwa pamaso pa mphunzitsi kuti chitsulo chake chalumikizidwa kunthaka. Oona za misonkho aonetsetse kuti kuitanitsa tizipangizo tokonzera sikukhala kovuta kuposa kuitanitsa chida chathunthu. Atsogoleri a m'madera, amene mayina a achinyamata opita ku maphunziro amadutsa m'manja mwawo, asankhe amene aonetsa kale chidwi, osati ana a abale awo, ndipo atsikana asaiwalidwe, pakuti ntchito imeneyi imafuna maso akuthwa ndi kudekha, osati mphamvu zonyamulira matumba.

Msika woyamba wa ophunzira amenewa sufuna kuufufuza kutali. Ofesi ya bwanamkubwa aliyense, sukulu ya sekondale iliyonse ndi parishi iliyonse ili ndi chokuzira mau chimodzi kapena ziwiri zimene zidafa. Akuluakulu a maofesi amenewa alembe mndandanda wa zida zoterozo ndi kuutumiza ku sukulu ya ntchito zamanja imene ili pafupi nawo tchuthi chikubwerachi chisanafike.